Anakondana ali anyamata, akumananso imvi zitayamba: nkhani yotere tiilembe bwanji?

Wa ku Dómuè: Moni nonse a m'gulu. Mutu umodzi susenza denga, ndiye ndithandizeni. Nkhani yomwe ili pa tebulo ndi ya amuna awiri a kuno ku Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, amene anakondana ali anyamata, ndipo kwa aliyense kanali koyamba kukonda munthu. Analekana. Wina anatsala kumudzi n'kukwatira, wina anapita kutali. Akumananso patapita zaka zambiri. Izituluka m'zigawo 12, chilichonse cha mawu ngati 1,000, zowerengera pa foni. Ndiwalekanitse ndi chiyani? Ndiwakumanitse kuti? Nanga mkazi wa wotsalayo nditani naye?

Aphunzitsi Opuma: Achimwene, musanalembe chiganizo ngakhale chimodzi, tengani pepala mujambule mizere inayi: chaka, zaka za wotsala, zaka za wochoka, ndi zimene zinkachitika m'dziko chaka chimenecho. Nkhani zambiri za mtundu uwu zimagwa chifukwa cha masamu, osati chifukwa cha chikondi. Wowerenga akawerengetsera n'kupeza kuti munthu anali ndi zaka 9 pomwe inu mukuti ankagwira ntchito, amatseka foni.

Kuno kwathu kuli nthawi ziwiri zimene zinabalalitsa achinyamata. Yoyamba ndi ya nkhondo yapachiweniweni. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ndipo a ku Angónia ndi Tsangano ambiri anawolokera ku Dedza ndi ku Ntcheu, ena n'kumakhala m'midzi ya abale awo, osati m'misasa yotchinga. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndipo kubwerera kwakukulu kunachitika mu 1993 ndi 1994. Anyamata anu akakhala obadwa mu 1974, ndiye kuti pobwerera anali ndi zaka 19 kapena 20, ndipo mu 2024 akwanitsa 50. Banja lina linabwerera, lina linatsalira kapena linalowera kwina. Palibe amene analakwira mnzake, dziko ndi limene linawang'amba.

Yachiwiri ndi ya malasha. Ntchito zomanga mgodi wa kampani ya Vale ku Moatize zinakoka anyamata a m'chigawo chonse, ndipo malasha anayamba kutuluka mu 2011. Obadwa mu 1989 anali ndi zaka 20 mu 2009, ndipo mu 2024 ali ndi 35. Apa wochokayo anachita kusankha kuchoka. Ine ndikanasankha imeneyi, chifukwa pamene pali kusankha pali mlandu, ndipo pamene pali mlandu pali nkhani yokwana zigawo 12. Ya nkhondo ija ndi yomvetsa chisoni, koma awiriwo akakumana alibe chokhululukirana, ndiye pofika gawo lachinayi mudzasowa cholemba.

Wa pa Zóbuè: Ndikugwirizana ndi aphunzitsi, koma mukasankha ya malasha musamale ndi foni. Vodacom inalowa m'dziko muno mu 2003, Movitel mu 2012, ndipo Movitel ndi imene inafika m'midzi yeniyeni. Kuchokera nthawi imeneyo simunganene kuti "anasowana". Munthu wa ku Moatize akafuna nambala ya munthu wa ku Dómuè amaipeza tsiku lomwelo kudzera kwa msuweni kapena kwa kondakitala wa chapa, minibasi ya kuno. Ndiye ngati anakhala zaka 12 osalankhulana, chinali dala. Lembani zimenezo. Nambala ili m'foni, yolembedwa ndi dzina lina, ndipo saiyimba.

NaJere: Apo mwakhudza pamene olemba ambiri amabisala. Amapeka kalata yotayika, kapena mlongo amene ananama kuti uje anamwalira. Vuto lake n'lakuti chinthu chotero chimatha ndi chiganizo chimodzi: "Kodi sunalandire kalata yanga?" Basi, akumbatirana, nkhani yatha. Chowalekanitsa chikhale chinthu chimene mmodzi anachita maso ali gwa, ndipo chikhale chomveka. Mwachitsanzo, amalume ake anayamba kumufunsa mafunso pamaso pa anthu, iye n'kumukana mnzakeyo, n'kunena mawu oipa kuti adziyeretse. Kapena analonjeza kuti akapeza chipinda ku Moatize adzamuitana, chipinda anachipeza, koma mantha anamugwira osamuitana. Mantha a mnyamata wa zaka 20 wowerenga amawamvetsa. Koma kumvetsa sikufafaniza bala. Ndiye ntchito yonse ya nkhaniyo ndi kuonetsa chimene chasintha mwa munthuyo kuti ulendo uno asathawenso. Ngati palibe chasintha, mwangolemba kulekana kwachiwiri kumene sikunafike.

Wa ku Dómuè: Zikomo kwambiri. Ndatenga ya malasha, ndi ya chipinda chija. Nanga pokumanirana? Ndimaganiza za pa mlatho wa Samora Machel ku Tete, madzulo.

Chatsalira: Mlathowo ndi wokongola, koma usungeni, mudzaufuna kumapeto. Kukumana koyamba kukhale pamaliro, kumudzi. Zifukwa zake ndi za ntchito. Maliro ndi chinthu chokhacho chimene munthu wa kutauni sangakane kubwera. Amuna amachezera kunja pamoto usiku wonse, amayi ali m'nyumba ya siwa, ndiye amuna awiri angakhale moyandikana mpaka tambala woyamba popanda wina kudabwa. Komanso sangalankhule momasuka, chifukwa pali makutu 30 mozungulira motowo. Chikondi cholembedwa bwino chimafuna zinthu ziwiri zomwezo: kuyandikana ndi kulephera kulankhula.

Ndondomeko yake ikhale yoona. Wochokayo amalandira uthenga pa foni, akwera chapa ku Moatize, msewu wa ku Zóbuè, akhota pa Mussacama kulowera ku Ulónguè, boma la Angónia. Ndi makilomita ngati 200, ndipo chapa siinyamuka isanadzaze, ndiye amafika kutada. Asanakhale pansi ayenera kukapepesa kwa eni maliro ndi kupereka chipepeso chake kwa amene akulemba m'kope. Adzukulu amapita kumanda m'bandakucha. Mukamuika wotsalayo m'gulu la okumba manda, ndiye kuti m'mawa wake ali ndi dothi m'miyendo pomwe mnzake ali ndi nsapato zopolisha, ndipo simufunikanso kufotokoza kuti moyo wawapititsa kosiyana.

Ikani malirowo mu Juni kapena Julayi. Munthu amene wakhala zaka zambiri m'chigwa cha Zambezi, kumene mu Okutobala ndi Novembala kumatentha kupitirira madigiri 40, amaiwala kuzizira kwa kumapiri kuno. Abwere ndi shati yopyapyala. Pakati pa usiku wotsalayo adzuke, apite kunyumba, abwere ndi jekete, amuike paphewa, akhalenso pansi osanena kanthu. Gawo loyamba lithere pamenepo. Mawu onse amene awiriwa alankhulana m'gawo limenelo asapitirire 10.

Aphunzitsi Opuma: Chatsalira wanena bwino. Ndionjezere za chilankhulo, chifukwa chida chachikulu chili m'kamwa mwathu momwemu ndipo olemba athu sachigwiritsa ntchito. Ali anyamata ankatchulana "iwe". Lero ndi akuluakulu, ali pagulu, ndiye ndi "inu". Wotsalayo anthu amamutchula ndi dzina la mwana wake woyamba, bambo a uje. Wochokayo ngati alibe mwana amutchula ndi mfunda, a Phiri kapena a Banda. Tangoganizani munthu akukakamizika kutchula yemwe ankamukonda kuti "bambo a uje". Dzinalo lokha likumukumbutsa mkazi, mwana, ndi zaka zonse zimene iye kunalibe.

"Inu" ameneyo mumugwire mwamphamvu mpaka gawo la 7 kapena la 8, ngakhale ali awiriwiri. Ndipo "iwe" woyamba asatuluke mwachikondi. Atuluke mwaukali: "Iwe unati udzandiitana." Wowerenga wa Chichewa adzamva m'mimba kuti khoma lagwa, inu osamuuza. Mukamutulutsa "iwe" m'gawo lachiwiri, mwawotcha nkhuni zonse madzi asanawire.

Chinanso, wa kutauniyo azithawira m'Chipwitikizi akafika pa mawu ovuta, ndipo azisakanizako Chinyungwe cha ku Tete osadziwa. Mnzakeyo azimuyankha m'Chichewa chokhachokha. Tsiku limene adzapepese m'chilankhulo cha kwawo, osabisala m'cha kusukulu, ndiye kupepesa kwenikweni.

Wa pa Zóbuè: Kugwirana manja musakuwerengere. Kuno amuna awiri amayenda atagwirana dzanja kuchokera kumsika mpaka kunyumba, ndi ubwenzi wa ponda apa nane ndipondepo basi. Anyamata kugona mphasa imodzi m'gowelo n'chimodzimodzi. Zimenezi zimathandiza kufotokoza chifukwa chake kale palibe anazindikira, koma sizionetsa chikondi. Chizindikiro chili m'malo osiyana: iwo okha ndi amene sagwirana dzanja, pomwe aliyense akupatsana moni wa m'manja momasuka.

NaJere: Tsopano za mkazi, chifukwa ndaona mwazizembazemba. Ndikupempheni ndi mtima wonse, achimwene, mayi ameneyu musamuphe ndipo musamusandutse mfiti. Njira ziwirizi ndi zimene olemba amatsegulira amunawo msewu mwaulere, ndipo amayi amene akuwerenga, omwe ndi ambiri mwa owerenga anu, amaziona. Iye sanalakwe. Anakwatiwa ndi munthu amene mtima wake unali kwina, walima naye, wabereka naye. Mupatseni zigawo ziwiri zathunthu zoonera m'maso mwake, chimodzi cha kumayambiriro, china cha m'ma 9 kapena 10. Akhale ndi nzeru. Mkazi amene wakhala ndi mwamuna zaka 13 amadziwa jekete limene mwamuna wake sabwereketsa munthu.

Kenako musankhe mtundu wa ukwati, chifukwa zotsatira zake n'zosiyana kwambiri. Ukakhala wa chikamwini, mwamunayo akukhala kwa mkazi. Munda ndi malo ndi za mbumba ya mkazi, ana ndi a kuchikazi, mwini mbumba ndi malume wawo. Banja likatha ankhoswe a mbali zonse amakhala pansi, ndipo iye amachoka ndi zovala zake ndi njinga, mwina. Ndiye kusankha mnzakeyo ndi kutaya munda, nyumba imene anamanga yekha, ndi kudzuka ndi ana ake m'mawa. Ukakhala wa lobola monga mabanja ena a Chingoni, ana amawerengedwa kuchimuna, mkazi ndi amene ali pamudzi pa eni, ndipo amene angataye zambiri ndi iyeyo. Pamenepo mlandu wa mwamunayo ukukula. Zonse zingatheke, koma musasakanize, ndipo musalumphe ankhoswe. Banja la kuno silitha ndi kumenyetsa chitseko.

Chatsalira: Mayi NaJere, nanga atakhala kuti banjalo linatha kale asanakumane? Sizingapepuke?

NaJere: Zingapepuke, ndipo n'zololeka. Koma funso la wolembayu linali la mkazi amene alipo. Akafuna yopepuka, banja lithe zaka zitatu nkhani isanayambe, pa zifukwa zake, ndipo ana akhalebe m'nkhanimo. Akafuna yolemera, pakhale lamulo limodzi: mkazi amve zoona kuchokera kwa mwamuna wake, osati kwa anthu a pachitsime, ndipo amve awiriwo asanayambirenso. Mukawalola kuyamba mobisa kwa miyezi, wowerenga amasiya kuwafunira zabwino. Ndipo ngati nkhaniyo ifika poti agonana, chiganizo chimodzi choti anapita kukayezetsa magazi kuchipatala sichiononga chikondi, chimaonetsa kuti ndi akuluakulu osamalana.

Kalaliki: Ndiloleni ndikonze za malamulo, chifukwa nkhani zolembedwa kumalire kuno zimasakaniza mayiko awiri. Ku Mozambique amuna awiri kukondana si mlandu. Lamulo lakale la milandu la Apwitikizi, la 1886, linali ndi ndime zimene zikanatha kugwiritsidwa ntchito pa anthu otere. Lamulo lina la milandu limene pulezidenti wa nthawiyo, Armando Guebuza, anasaina mu Disembala 2014 linachotsa ndimezo, ndipo linayamba kugwira ntchito mu Juni 2015. Ngakhale izi zisanachitike, lamulo la ntchito la 2007 linkaletsa kale kusala munthu pantchito chifukwa cha amene amakonda. Ndiye musalembe apolisi a ku Ulónguè akuwamanga pa chifukwa chimenechi mu 2024. Wapolisi angawaopseze kapena kufuna kangachepe, koma mlandu wokalemba palibe.

Ukwati wokha ndiye lamulo la mabanja limaudziwa wa mwamuna ndi mkazi. Zotsatira zake ndi izi: mmodzi akamwalira, mnzakeyo salowa m'gulu la olandira chuma mwa iye yekha. Njira yake ndi kulemba wilo kwa notário, wotsimikizira zikalata, ndipo ngakhale pamenepo gawo la ana ndi la mkazi wa ukwati wovomerezeka ndi lotetezedwa, munthu amagawa lotsalalo. Malo ndi a boma, chimene munthu amakhala nacho ndi DUAT, chilolezo chogwiritsa ntchito malowo, ndipo ingalembedwe m'maina a anthu awiri. Kwa amuna a zaka 35 kapena 50, kupita limodzi kukalembetsa pepala lotero kungakhale m'malo mwa tsiku la ukwati m'nkhani yanu. Bungwe la Lambda, lomenyera ufulu wa anthu otere, lilipo kuyambira 2006, ndipo linapempha kulembetsedwa ndi boma mu 2008 n'kudikira zaka zoposa 10. Munthu wa kutauni angalidziwe, wa kumudzi mwina sanalimvepo.

Wa pa Zóbuè: Ndipo ukangowoloka pa Calómuè kulowa Dedza, kapena pano pa Zóbuè kulowa Mwanza, zinthu zasintha. Ku Malawi chilango chimafika zaka 14, ndipo mu Juni 2024 khoti linakana kuchotsa lamulolo. Anthu a kuno amamvera wailesi za ku Malawi, abale awo ali tsidya lomwelo, ndiye ambiri amaganiza kuti lamulo la uko ndi lathunso. Wotsalayo angakhale zaka zonsezi akuopa ndende imene kulibe. Mnzake akamuuza kuti lamulo linasintha mu 2015, yankho lake likhale loona: amalume, mpingo ndi anyakwawa sanasaine lamulolo.

Wa ku Dómuè: Apa mwanditsegula maso. Funso lina: za kale zija ndizifotokoze motani? Ndimafuna zigawo zinayi zoyambirira zikhale za unyamata wawo.

Aphunzitsi Opuma: Ayi, musatero. Mukayamba ndi zigawo zinayi za kale, mwalemba nkhani ya chikondi choyamba, ndipo kukumananso kudzaoneka ngati mchira. Yambirani pamaliro. Za kale zibwere katatu kokha, mawu ngati 300 ulendo uliwonse, ndipo chilichonse chiyankhe funso limene wowerenga wangodzifunsa kumene. Choyamba, m'gawo lachiwiri: anali chiyani kwa wina ndi mnzake? Chionetseni ndi ntchito, monga kuthirira dimba limodzi m'mawa kukuzizira. Chachiwiri, m'gawo lachisanu: lonjezo la chipinda, pa siteji ya chapa. Chachitatu, m'gawo la 8, "iwe" atangotuluka: tsiku limene wochokayo anagwira foni kapena kalata n'kuibweza m'thumba. Chimenechi chokha chikhale cha m'maso mwa wolakwayo.

Ndipo kumbukirani kuti anthu awiri sakumbukira chinthu chimodzi mofanana. Wina akuti kunkagwa mvula, wina akuti kunali fumbi. Musawaweruze. Wotsalayo wakhala akukonda mnyamata wa zaka 20 amene kulibenso, ndipo amene wabwera ndi bambo wa mimba, wodwala msana, wa ngongole. Payenera kukhala gawo limodzi, la 6 ndi labwino, limene aliyense akhumudwa ndi mmene mnzake alili lero. Akapanda kukhumudwa, ndiye kuti akukonda chikumbukiro, osati munthu.

Chatsalira: Za mawu. Liwu lija la "mathanyula" ndi lotukwana. Lingatuluke m'kamwa mwa munthu wachipongwe, kamodzi kapena kawiri, kuti wowerenga amve kupweteka kwake, koma wofotokoza nkhani asaligwiritse ntchito. Awiriwo mwina alibe dzina la chimene ali, amangoti "zathu zija". Musampange mmodzi kukhala ngati mkazi wa mnzake, wophika ndi kulira, winayo wolamula. Onse ndi amuna a kuno, onse amadziwa khasu. Musalalikirenso, kaya mowaikira kumbuyo kaya mowadzudzula. Mukaona munthu wa m'nkhani akulankhula mizere yoposa isanu osadulidwa, ndi inu amene mukulankhula, fufutani.

Kalaliki: Chenjezo limodzi. Midzi yathu ndi yaing'ono. Musatengere munthu weniweni, ngakhale mutasintha dzina. Mukalemba mphunzitsi wosakwatira wa njinga yamoto yofiira, anthu adzaloza wina, ndipo amene adzavutike si inu. Mudzi ukhale wopeka, matauni okha akhale enieni.

NaJere: Pa mathero ine ndikufuna akhale limodzi. Nkhani za anthu otere zothera kumanda kapena kumisala zachuluka, ndipo mnyamata amene akuwerenga mobisa usiku akuphunziramo kuti mapeto ake ndi amenewo.

Wa pa Zóbuè: Mayi, ndikumva, koma mudzi wonse kuvina ngoma kuwalandira, wowerenga wa kuno sangakhulupirire.

NaJere: Sindinanene mudzi wonse. Ndikunena munthu mmodzi kapena awiri. Mlongo wake amene akuti "ndinkadziwa" n'kupitiriza kusenda mbatata. Mwana wamkulu amene sakulankhula naye, koma walandira ndalama ya sukulu pa M-Pesa osaibweza. Mtengo wake uoneke: munda wapita, mpando wa kutchalitchi wapita, amalume satchulanso dzina lake. Koma awiriwo akhale ndi khomo limodzi, ngakhale la lendi ku Matundo, mumzinda wa Tete, ndipo ulendo uno woitanayo aitanedi.

Wa ku Dómuè: Chomwe chatsala n'chakuti pakati pa maliro ndi mathero azionana bwanji, mmodzi ali kumudzi wina ku Moatize?

Chatsalira: Mbatata ya kachewere. Wotsalayo ndi mlimi, amakweza matumba pa lole kupita nawo kumsika wa Kwachena ku Tete, ndipo msewu wake umadutsa pa Moatize pomwepo. Amafika usiku, amagulitsa m'mawa, ndipo amafunika pogona. Palibe amene angafunse chifukwa chake akugona kwa mnzake wa kumudzi. Maulendo atatu akukwanirani: wa mu Ogasiti ali pa "inu", wa mu Seputembala wa kukhumudwa kuja, wa mu Okutobala kukutentha wa "iwe". Akabwerera kuchokera ulendo wachitatuwo ndi pamene akhala pansi ndi mkazi wake, kenako ankhoswe. Mvula yodzalira imayamba mu Novembala kapena Disembala, ndiye ayenera kusankha asanadzale. Mizere ya m'munda wa mkaziyo aimalize kaye kupanga, kenako akwere chapa. Mlatho uja muugwiritse ntchito pamenepo, akuwoloka wapansi madzulo, jekete lili m'manja mwa wochoka uja chifukwa ku Tete silivalika.

Aphunzitsi Opuma: Gawo loyamba mukalimaliza mulitumize muno tiwerenge mawu a pamoto paja. Asapitirire 10.